Chaka Chimene Ndinaletsa Alimi Kubzala

Ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, makamaka iwe Tamanda amene umati ndikayamba kukamba za ulangizi tiyi amazizirira m'kapu. Chabwino, ndagonja. Za ubwana wanga sindilemba, munazimva mpaka kutopa nazo. Ndilemba za zaka zimene ndinayenda m'minda ya anthu muno m'boma la Kasungu ngati mlangizi wa zaulimi, ndiponso za chinthu chimodzi chimene ndinachita ku Wimbe, chimene chinatitulutsa m'nyumba yamalata ija munkaikonda. Munali ang'onoang'ono, munangolira polongedza katundu. Tsopano mwakula, imvani chifukwa chake.

Santhe, ntchito yanga yoyamba

Ndinatsika basi pa Santhe tsiku la msika, ndili ndi sutikesi imodzi, satifiketi, ndi matama osaneneka. Ndinalinso ndi tchati chimene tinajambula ku koleji, chozungulira ngati lichero, chogawidwa miyezi khumi ndi iwiri: apa kufesa nazale, apa kuwokera fodya, apa kuthira feteleza. Kwa ine nyengo inali imeneyo basi, chinthu chopachika pakhoma ndi msomali. Bwana wanga woyamba, a Kachingwe, bambo wachikulire wosathamangira kulankhula, anachiyang'ana tchaticho nthawi yaitali n'kunena kuti ndili ndi dzanja labwino pojambula. Kenaka anandilangiza kuti chaka choyamba nditseke pakamwa, nditsegule maso. Ndinathokoza mwaulemu, koma mumtima ndinkati madala awa ntchito yawakwana.

Chaka chomwecho mvula inagwa kumapeto kwa Okutobala, yamphamvu ndithu, madzi mpaka kuyenda m'mizere. M'mawa mwake ndinakwera njinga kukauza alimi a fodya kuti azule mbande awokere. Ambiri anangoti tamva alangizi, n'kupitiriza kuthirira nazale zawo ndi makeni. Mmodzi yekha, a Phiri a kuseri kwa msika, ndi amene anandimvera, kaya pondimvera chisoni kuti mtsikana wapalasa njinga mtunda wonsewu. Anawokera theka la munda. Mvula ija inapita osabweranso kwa masabata anayi, mbande zonse zinauma gwa. Nditapita kukapepesa ndinawapeza akuthirira nazale yotsala, ndipo sanandikalipire, zimene zinandiwawa kuposa kukalipiridwa. Anangondifunsa ngati ku koleji kwathuko kunali mawu akuti chizimalupsa. Ndinati kunalibe. Anandifotokozera kuti imeneyi ndi mvula yongobwera kudzazimitsa moto wa m'tchire ndi kugoneka fumbi, ikatero imabwerera kwawo. Yobzalira imabwera ndi mphepo ya mpoto, imagwa masiku otsatizana, ngumbi zimatuluka pachulu, ndipo ukakumba ndi dzanja chinyontho chimapitirira chikhatho.

A Phiriwa anali oimba ng'oma ku tchalitchi cha Akatolika, ndiye zonse ankaziyeza ndi ng'oma yawoyo.

"Nyengo si tsiku, alangizi," anatero. "Zili ngati kwaya, aliyense ali ndi polowera pake. Ukalowa ng'oma isanakuitane, ngakhale uli ndi mawu okoma chotani, waononga nyimbo."

Tchati chija ndinakutira mabuku a atate anu. Ndinakhala pa Santhe zaka zambiri ndikuphunzira chaka cha ku Kasungu monga mmene eni ake amachiyendera. Fumbi likachuluka anthu amatsikira kudambo kukafesa nazale. Nyenje zikayamba kusokosa, mizere ikhale itatha. Kuwokera kumaitana kupalira, kupalira kumaitana kubandira, kenaka kuthyola, kusoka, zigafa kudzaza, mpaka jeke kulira podinda mabelo. Chilichonse chimadikira chinzake, ndipo ukaphonya chimodzi zotsatira zonse zimatsimphina. Zimenezi palibe amene anandilembera, ndinaziphunzira ndi mapazi.

Wimbe, zaka zoyamba za makuponi

Anandisamutsira ku Wimbe makuponi atangoyamba kumene. Inu a masiku ano mumangomva kuti sabuside, simudziwa mmene anthu anaisangalalira poyamba. Ndinaona mayi amene sanagwirepo thumba la feteleza chibadwire akulisenza pamutu misozi ili chuchuchu. Minda imene chaka ndi chaka inkakhala yachikasu inabiriwira, moti ine ndemwe ndinkafika kunyumba ndikuimba. Koma sabusideyo inabwera ndi kayendedwe kakekake, kosamvana ndi ka mvula. Mayina ankalembedwa mochedwa, makuponi ankafika mochedwa, malole n'kumatitimira m'matope. Chaka china feteleza wokulitsa anafika chimanga chitamasula kale. Anthu ankaima pamzere ku depoti masiku atatu, uku udzu ukudya munda. Ine anandipatsa njinga yamoto, koma mafuta ake ayi. Inangokhala pakhonde, nkhuku n'kumaikira pansi pake.

Nthawi imeneyo kunabwera bwana watsopano woyang'anira dera lathu, a Mwale. Ndinene chilungamo, ana anga, chifukwa munkamva dzina limeneli likutchulidwa mokwiya m'nyumba mwathu: a Mwale sanali munthu woipa. Anali wachinyamata, wophunzira kwambiri kuposa ine, wosaba ngakhale kuponi imodzi, ndipo kuchedwa kwa zipangizo kunkawapweteka ngati munda ndi wawo. Ankalemba makalata, ankaimba mafoni, ankakangana ndi akuluakulu mpaka ena kuwatcha wamwano. Nyimbo yawo inali imodzi, kubzala msanga. Ndipo inali nyimbo yoona, ine ndemwe ndinkaiimba m'misonkhano, chifukwa chimanga chochedwa kubzala sichikhutitsa nkhokwe. Vuto lawo linali lakuti anakulira m'tauni, mvula ankaiwerenga papepala.

Munthu wina woti mumudziwe ndi Nabanda, wapampando wa kalabu ya alimi imene ndinkagwira nayo kwambiri. Anali mayi wamasiye wa ana asanu, wamsinkhu wanga, pakamwa pake tsabola weniweni. Pagulu ankanditchula alangizi, tikakhala awiri ankati asisi, ndipo ankakonda kundiseka kuti khasu ndimaligwira ngati cholembera.

Wimbe, chaka chimene mbewu inafika msanga

Chaka chimenecho a Mwale anapambana nkhondo yawo. Mbewu ya chimanga cha makono inafika mu Okutobala, zinthu zimene sizinachitikepo. Banja lililonse lolembedwa linalandira paketi imodzi. Mumvetse bwino pamenepa: imodzi, yachiwiri panalibe. Ambiri anali atasiya kusunga mbewu ya makolo poti ya makuponi inkabereka kwambiri, ena kambewu kamene anasunga anali atakagayitsa. Paketi imeneyo ndiyo inali chakudya cha chaka chonse cha banja. Ikamera n'kupserera, kwatha.

Lolemba lina, mwezi usanathe, mvula inagwa. Lachiwiri inabwerezanso pang'ono. Lachitatu a Mwale anatulukira ndi galimoto, nkhope ili ngwee, kudzandiuza kuti Lachisanu kubwera alendo ochokera ku likulu kudzakhazikitsa nyengo yobzala, ndipo asankha Wimbe, m'munda wa Nabanda. Akalabu onse abzale sabata yomweyo, kuti dziko lonse lione kuti zipangizo zikafika msanga alimi sachedwa. Ndinawapempha kuti titsikire kaye m'munda. Ndinakumba ndi dzanja, chinyontho chinathera m'zala, pansi pake fumbi lokhalokha. Mphepo inali ya mwera. Pachulu panali zii. Ndinawauza kuti bwana, ichi ndi chizimalupsa.

Anaseka, osati monyoza, n'kunena kuti a zanyengo alengeza kuti chaka chino mvula iyamba msanga, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinalimbikira, iwonso analimbikira, mpaka nkhope ija inasintha.

"Mayi, zaka zonsezi mwakhala mukulira kuti mbewu ikuchedwa. Ndaimenyera nkhondo, yafika, lero mukuti tidikire? Alendo ndawaitana kale. Ili ndi lamulo, si pempho."

Ndinagwira njakata. Ndinaganiza za nyumba ija, za sukulu yanu imene inali pafupi, za atate anu amene anali atangokhazikika pa uphunzitsi pamenepo. Kukana lamulo pamaso pa alendo ndinkadziwa malipiro ake. Koma chimene chinkandiopsa kwambiri si chimenecho. Nanga ngati a Mwale akunena zoona? Chizimalupsa sichilemba dzina pachipumi. Zaka zina mvula yoyambayo imapitirira ndithu, ndipo wodikira ndiye amaluza. Ndikanatha kungopereka uthenga wa bwana, zikavuta mlandu n'kukhala wawo. Anzanga ambiri akanatero, ndipo sindikanawadzudzula.

Lachinayi ndinaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango wa kwa Nabanda. Ndinapereka uthenga monga anandituma, mawu ndi mawu, maso ndili pansi. Onse ankaidziwa mvula imeneyo kuposa ine, koma ankaopa kuti akakana za boma chaka chamawa mayina awo sadzaoneka pa makuponi. Ankangofuna wina woti anyamule mlanduwo. Nabanda anadzuka, ndipo ulendo uno za alangizi anazisiya.

"Asisi, za boma tazimva. Inuyo mutakhala ndi paketi imodzi ndi ana asanu, mungabzale?"

"Sindingabzale," ndinatero. Mawu anatuluka okha. Nditaona kuti atuluka kale ndinawonjezera kuti, "Musabzale. Akakufunsani, munene kuti ndakuletsani ndine."

Nabanda, pofuna kundipulumutsa, anabwera ndi nzeru yake. Anati Lachisanulo atape chimanga chogayitsa m'nkhokwe, abzale chimenecho pamaso pa alendo, mbewu yeniyeni aibise. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, ndipo ine ndemwe ndinakopeka. Koma ndinaganiza kuti nkhaniyo idzamveka pa wailesi kuti ku Wimbe ayamba kubzala, ndipo mlimi wa kwina amene sakudziwa za chinyengo chathu adzatsegula paketi yake yeniyeni. Ndinakana. Nabanda anati mutu wanga ndi wouma ngati chitsa cha mtondo. Madzulo ndinakwera pachulu pamene pankagwira netiweki n'kuwaimbira a Mwale kuwauza zimene ndachita, kuti asadzati ndinawatchera msampha. Anangoti tionana mawa. Ndikhulupirira ankaganiza kuti ndikaona magalimoto ndifewa.

Lachisanu magalimoto anabweradi, fumbi koboo. Mipando tinabwereka kusukulu, amayi anaimba ndi kuvina bwinobwino. Mizere inali itakonzedwa, yowongoka, mapando atayezedwa kale. Mapaketi anali pamphasa, osatsegula. Mlendo wamkulu, bambo wansangala amene anabwera ndi khasu latsopano lomangidwa riboni, atamaliza kulankhula anatambasula dzanja kuti alandire mbewu. Nabanda anagwada mwaulemu wonse, paketi yake ataikumbatira pachifuwa, n'kunena kuti pepani bwana, alangizi atiletsa. Bamboyo anafunsa kuti mlangizi wa kuno ndani. Ndinapita kutsogolo, ndinagwada pamzere, ndinakumba, n'kuwaonetsa dothi louma m'manja mwanga. Ndinanena kuti mbewu ikalowa apa imera, koma dzuwa likabwerera ifa, ndipo anthuwa alibe ina. Bamboyo anayang'ana dothilo, n'kuyang'ana a Mwale. Posakhalitsa onse anakwera magalimoto kupita kutsidya kwa mtsinje, dera la mlangizi mnzanga, kumene mwambo unachitika ndipo anthu anabzala.

Sabata yotsatira ndinalandira makalata awiri mu envulopu imodzi. Ina yondichenjeza chifukwa cha kusamvera, ina yondisamutsira ku Kapelula pakutha pa Novembala.

Wimbe, masabata odikira

Masiku amene anatsatira ndiwo anali owawa kuposa onse pa ntchito yanga. Loweruka lomwelo kunawaza kamvula. Kutsidya chimanga chinamera, mizere yonse biriwiri, choonekera patali ukamapita kumsika. Kwathu kuno minda inali yofiira, yopanda kanthu. Anthu amene anandiombera m'manja anayamba kundipatsa moni wa m'khosi. Mabanja angapo a m'kalabu anabzala mwakachetechete. Bambo wina anandiimitsa pamsika anthu akumva n'kundiuza kuti ana ake akadzagona ndi njala ndidzawadyetsa ndine. Ankanena chimene ine ndemwe ndinkadziuza. Chakudya sichinkalowa. M'mawa uliwonse ndinkatuluka kukaona kumene masamba akuweramira. Atate anu, munthu wosachulutsa mawu, anangoti wachita kale, tiye tidikire limodzi. Nabanda yekha ndi amene ankabwera, osati kudzanditonthoza, koma kudzandiseka kuti ndaonda ngati khasu lakutha.

Kenaka dzuwa linabwerera, lija loswa mtengo. Sabata imodzi, ziwiri. Chimanga cha kutsidya chinayamba kupota masamba masana, kenaka ngakhale m'mawa sichinkatambasukanso, mpaka chinagona. Mwina mukuganiza kuti ndinasangalala. Ayi, ndinalira. Amenewo anali anthu opemphera nawo limodzi, ana awo ankaphunzira ndi inu. Tsiku lina ndinawapeza a Mwale ataima okha m'munda wa kutsidyako, atanyamula kaphesi kouma. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti atero. Anangondifunsa kuti mvula yeniyeniyo ndimaidziwa bwanji, ndipo ndinawafotokozera zonse, iwo akulemba m'kabuku. Atachoka apo anathamangathamanga kufunafuna mbewu ina, anapezako yochepa imene sinakwane onse. Kalata yanga yosamuka sakanatha kuibweza, inali itadutsa kale m'manja mwa akuluakulu.

Koma musaganize kuti mtima unakhala pansi. Novembala anali kupita kumapeto, kumwamba kuli mbee. Tsopano mantha anali akuti mwina kamvula kaja ndiko kanali konse, tadikira chinthu chimene sichibwera. Tinalongedza katundu m'makatoni, inu mukulira, ine ndikukukalipirani popanda chifukwa. Pepani, ana anga, mkwiyo umenewo sunali wanu.

Kutatsala masiku anayi kuti lole ibwere kudzatitenga, mphepo inatembenuka. Ndinaimva pakhosi ndikuanika zovala, yofunda, yochokera kumpoto. Masana omwewo kunada bii, ndipo inagwa. Mawa lake inagwanso, mkuja wake chimodzimodzi, yosathamanga, yolowa pansi. Ngumbi zinatuluka mpaka nkhuku kukhuta. Ndinakumba kuseri kwa nyumba, dzanja linalowa mpaka m'chigongono lili lonyowa.

Za zokolola za chaka chimenecho ndinangomva tili kale ku Kapelula kuti nkhokwe zinadzaza. Ku Kapelulako tinakhala bwino, kumeneko ndi kumene ndinapumira ntchito, ndipo anthu ake ndimawakonda mpaka lero. Koma chimene ndikufuna musunge ndi m'mawa wa tsiku losamukalo.

Ndinadzuka kusanatenthe, ndinasiya atate anu akumanga matiresi, n'kuuyamba wapansi chifukwa njinga sikanayenda m'matope amenewo. Ndinkathamanga, nsapato zili m'manja, mumtima ndikukonza mawu oti ndikanene. Ine ndi amene ndinawaletsa, ndiye ndinkaona kuti ndine woyenera kukawamasula. Ndinkadziona nditaima pamaso pawo ndikulengeza kuti tsopano bzalani.

Nditakwera kamtunda ka kwa Nabanda ndinaima chilili. Munda unali wodzaza anthu, theka lake atabzala kale. Amuna patsogolo ndi makasu, amayi pambuyo akuponya mbewu ndi kukwirira ndi chidendene, onse akuyendera limodzi. Pakati pawo ndinazindikira amayi a kutsidya aja, aliyense ali ndi kambale m'manja. Ndinamva pambuyo pake kuti akalabu anapangana okha kuti aliyense atape kapu imodzi m'paketi yake apatse amene mbewu yawo inapserera, ndipo iwowo abweze ndi manja pothandiza kubzala. Palibe amene anandifunsa ine za zimenezo. Bambo wa pamsika uja analiponso, anandiona n'kuweramitsa nkhope kukhasu.

Ndinafika pamene panali Nabanda ndili wefuwefu, matope mpaka m'mawondo, n'kumuuza kuti ndabwera kudzakuuzani kuti nthawi yakwana. Anaweramuka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Asisi, munati tidikire mvula. Simunati tidikire inu."

Anandipatsa kambale ka mbewu n'kundilozera mzere wopanda munthu. Ndinabzala mizere isanu ndi umodzi, iye akundilondola pambuyo kudandaula kuti ndikuponya motalikitsa, mpaka tinamva hutala ya lole ikulira kumsewu.